Chilambe Chimene Sindinadule

Miyendo yanga inasiya kukonda phiri kalekale, koma chaka chatha inakweranso. Ndikulemba izi ndi dzanja limene linadziwa zilembo imvi zitamera kale, kusukulu ya kwacha ya kutchalitchi kwathu, choncho ndimalemba pang'onopang'ono ndipo ndimatopa msanga.

Kunabwera mayi wina wachitsikana wochokera ku Zomba, katswiri wa zomera. Anthu a ku Likhubula anamulozera kwa ine chifukwa ndine mmodzi mwa ochepa otsala amene tinkacheka matabwa a mkungudza pamwamba pa phiri la Mulanje. Anandipeza pakhonde ndikusoka thumba. Atapereka moni anandionetsa chithunzi pafoni: chipatso chouma cha nyanga ziwiri ngati za mbuzi, chimene anatola chitakokoloka mumtsinje.

"Agogo, chipatso ichi ndi cha chilambe, koma m'mabuku mwathu mulibe. Ndayenda m'makwawa ambiri, tsinde lake sindikulipeza. Popanda masamba ndi maluwa sindinganene kuti ndi mtundu watsopano. Munachionapo?"

Ndinati maso anga anakalamba. Koma ndinali nditachizindikira asanamalize n'komwe kufunsa.

Ntchito yocheka ndinaphunzitsidwa ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu. Iwo ankaima pamwamba pa chipika, ine m'dzenje, utuchi ukundigwera m'maso. Lamulo lawo loyamba linali la zilambe. Mtengo wa m'khwawa sumaima wokha, umakhala utamangidwa ku anzake ndi zingwe zimenezi kumwamba. Ndiye usanaugwetse umapita kukadula zilambe zonse patsinde, n'kudikira milungu ingapo kuti ziume zifooke. Ukapanda kutero mtengo sugwera kumene waulozetsa.

Chaka china anandituma ndekha kukadula zilambe za mtengo wina m'khwawa. Zing'onozing'ono ndinadula. Panatsala chimodzi chonenepa ngati ntchafu yanga, cha mtundu umene tinkadana nawo. Ukachitema chimatulutsa utomoni woyera ngati mkaka, umene umamata chikwanje, ndipo ukakulowa m'diso umalira masiku awiri. Ndinachitema kamodzi, utomoni unandithovukira patsaya. Chiperoni, nkhungu yozizira ija, chinali chikubwera, ndinali ndi njala. Ndinachisiya.

Tsiku logwetsa alamu anandifunsa, nkhwangwa ili kale m'manja.

"Alamu, zilambe zija munadula?"

"Ndinadula."

"Zonse?"

"Zonse."

Mtengo unayamba kugwa bwino, kenako chilambe chija chinaugwira, unaima m'malere, n'kuzungulira, n'kugwera alamu. Ine ndinali mbali ina. Tinawatsitsa phiri pamachira a nsungwi, koma tisanafike kumunda wa tiyi anali atatisiya. Pamaliro anthu ankati ndi mphepo, ena ankati ndi mizimu ya m'phiri. Ine ndinangowerama. Achemwali analera ana okha, akuthyola tiyi mpaka msana unapindika, ndipo zaka zonsezi akhala akundiuza kuti, "Achimwene, bola inu munapulumuka." Sindinawauzepo.

Mayi wa ku Zomba uja anabweranso kawiri. Ulendo wachitatu anabwera ndi shuga ndi buledi, nakhala pamphasa ngati alibe kopita.

"Agogo, inu mukudziwa. Tsiku lija munayang'ana chithunzi n'kudzigwira patsaya."

Ndinavomera kumuperekeza, mwina chifukwa ndinatopa ndi kukana.

Tinanyamuka m'mawa, mvula yoyamba itangogwa masiku apitawo. Njira imene kale ndinkatsika ndi thabwa pamutu ndinaikwera ndi ndodo, kupuma pamwala uliwonse. Iye ankanyamula chikwama ndi timatabwa tiwiri tomangidwa ndi malamba, pakati pake pali nyuzipepala zakale.

"Mukawerenga nkhani kuphiri?" ndinamufunsa.

"Ayi agogo, izi ndi zofunda za masamba. Inu pumani, musandifere panjira, ndikawauza chiyani anthu?"

Pamwamba mikungudza inatha. Kwatsala zitsa zakuda ndi udzu. Zina mwa zitsazo ndi zanga. Khwawa lija lokha ndi limene moto sunalowe, ndipo tinatsikiramo. Chitsa cha mtengo uja chinali chitamera ndere. Pambali pake chilambe chija chinali chiliri, tsopano chonenepa kuposa chiuno changa, chikukwera mtengo wina mpaka kosaoneka.

Mayi uja anaiwala kuti ndilipo. Anagwada n'kutola timaluwa togwa, tating'ono, toyera kunja, kofiirira m'kati. Ankatiyang'ana ndi kagalasi kopachika m'khosi, akuwerenga tizigawo ndi milomo. Anathyola kanthambi, nandionetsa kuti masamba amamera atatuatatu pamfundo imodzi, pamene a zilambe zinzake zimene amadziwa amamera awiriawiri. Anatembenuza tsamba kuti ndigwire ubweya wa kunsi kwake. Anakanda khungwa ndi kampeni, utomoni unatuluka.

"Samalani maso," ndinatero.

Anayala nthambi, masamba ndi maluwa m'nyuzipepala zija, namanga malamba mwamphamvu. Anati akaziumitsa, akazifananitsa ndi zosungidwa za kwina, ndipo zitenga nthawi, koma mtima wake ukumuuza kuti ichi sichinalembedwepo. Anandipatsa kope kuti ndilembe ndekha dzina limene tinkachitchula. Ndinalemba kuti chamkaka. Zilembo zinapendekeka.

Kenako anaona chipsera patsinde, pamene khungwa linatupa n'kutsekanso.

"Onani, wina anachitema kale n'kuchileka. Kaya anali ndani, koma Mulungu amudalitse. Akanamaliza, bwenzi lero kulibe chilichonse."

Ndinakhala pansi pamasamba onyowa. Ndinamuuza zonse, kuyambira utomoni wa patsaya mpaka mawu aja akuti zonse. Anangomasula botolo la madzi n'kundipatsa.

"Achemwali anuwo alipo?" anafunsa.

"Alipo, ku Limbuli."

"Ndiye ine si woyenera kumva koyamba, agogo."

Ndinatola duwa limodzi n'kuliika m'bokosi la machesi.

Patapita sabata ndinakwera minibasi, kenako kabaza. Ndinali nditaganiza zolemba kalata, koma achemwali sawerenga, ndipo sindinafune kuti mdzukulu awawerengere. Ndinawapeza akutola miyala mu nandolo. Makutu awo anagontha, munthu umachita kukuwa. Mawu amene ndinalephera kuwanong'ona zaka zonsezi ndinayenera kuwanena mofuula, masana, nkhuku zikuthawa, mayi woyandikana nawo ataima ndi ndowa pamutu.

"Mwati chani?"

"Ndati chilambe chija sindinadule! Alamu anandifunsa, ndinawanamiza!"

Anaika lichero pansi.

"Ndiye munadikira kuti ndigonthe kaye?"

Ndinatsegula bokosi la machesi n'kuwapatsa. Duwa linali litafota. Analiyandikitsa kumaso.

"N'kameneka?"

"Eya, achemwali."

"Kachepa bwanji."

Anatseka bokosilo n'kulimanga pakona ya chitenje, pamene amamanga fodya wawo. Sanandithamangitse, komanso sanandiuze kuti ndigone, monga ankachitira kale ndikapita. Anatenganso lichero.

"Pitani kusanade, achimwene. Ndikafuna kukuonani ndidzatuma mawu."

Miyezi yapita. Mayi wa ku Zomba anaimba foni kuti anzake avomereza, chilambe chija ndi mtundu umene sunali m'mabuku, ndipo akukonza dzina lake lachizungu limene lilime langa silidzatha. Ndinamuthokoza. Kuchokera ku Limbuli sikunabwere mawu. Njinga ya kabaza ikaima panjira yathu ndimadzuka kukasuzumira, ngakhale mawondo amakana.