Gombeza la m'Thiraki ya Geng

Pamphambano pathu, pomwe mathiraki a malasha ochokera ku Datong amaima kuti madalaivala amwe msuzi wa nkhosa, palibe amene sadziwa Qu Fenglan. Msuziwo ndimaphika ndine. Iye ali ndi kashedi ka malata pambali panga, momwe amakonzera eyakoni, makina oziziritsa mpweya m'mutu mwa thiraki. Ndi mzimayi wamfupi, wa zikhatho zokhakhala, wosaseka chisawawa. Ntchitoyi anaiphunzirira m'thiraki ya mwamuna wake, Geng Baoshan, momwe anakhalamo zaka zoposa khumi.

Akazi oyenda ndi amuna awo m'mathiraki ndi ambiri, koma ntchito yawo sioneka. Fenglan ankaphika pambali pa tayala, ankachapa, ankalondera mbava za dizilo bambo akuliza mkonono, ankawacheza kuti asawodzere pachiwongolero. Eyakoni ikavuta, ankatola yekha sipanala. Ndiye Baoshan atakopeka ndi kamtsikana kothira mafuta m'magalimoto, dzina lake Xiaoting, anamutsitsa Fenglan pakati pa nyengo ya chisanu, pakhomo panga pompano, ndi chikwama chimodzi.

Kusiyidwako akanapirira. Chomwe chinamulasa ndi mawu amene mwamunayo analavula madalaivala akumva: "Uyu? Thumba la mbatata. Zaka zonsezi ntchito yake kutafuna nthanga za mpendadzuwa basi." Anthu anaseka, dzina n'kumatirira. Ngakhale atatsegula shedi yake, ena ankafunsabe kuti, "Kwa Thumba la Mbatata ndi pati?" Oterowo ine ndinkawaonjezera mchere mumsuzi mpaka atsokomole. Fenglan ankangopitiriza ntchito yake, koma ndinkadziwa chomwe akudikira: kuti pakamwa pomwe panatuluka mawuwo padzawabweze, anthu omwewo akumva.

Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Chilimwe chitafika, dzuwa likuswa mtengo, thiraki ya Baoshan inakhotera pabwalo pathu. Anatsika ali chibadwire kumtunda, kathawulo konyowa kali pamutu, thukuta lili kamukamu. Xiaoting sanadikire n'komwe, analunjika pansi pa fani yanga. Kunena zoona, mtima wanga unavina.

"Fenglan, tandithandiza," anatero Baoshan. "Gasi ndathiritsa kangapo, kompulesa ndasintha, koma m'mutumu mukadali ngati m'ng'anjo. Injini nayo ikutentha pachitunda chilichonse. Uyu wanena kuti ikapanda kuzizira lero, sakweranso."

"Takulandirani, bwana Geng," Fenglan anayankha. "Imani poteropo." Poteropo panali padzuwa.

Sanafulumire. Anayamba ndi mafyuzi, kusolola fyuzi imodziimodzi n'kuiyang'ana kumwamba. Anadina lamba kuti aone ngati wakhwefuka. Anauza Baoshan kuti alize injini, iye n'kutchera khutu mpaka kompulesa inagwira. Atasolola sefa ya mpweya, anaikweza kuti onse aone.

"Tsitsi lofiirira," anatero. "Langa ndi lakuda, ndiye mlandu uwu si wanga."

Madalaivala anali atatuluka kale, mbale zili m'manja. Fenglan analumikiza mageji ake oyezera mphamvu ya gasi, singano n'kuthamangira kumwamba. Apo anagwada kutsogolo kwa thiraki, n'kumasula chotchinga cha pamaso pa redieta, n'kulowetsa mkono mpaka m'phewa. Ine ndinali nditamupititsira madzi akumwa, ndiye ndinasuzumira nawo. Pansi pa fumbi la malasha panaoneka kansalu kofiira ka maluwa.

Nkhani ya nsaluyo Fenglan anandiuzapo kale. Kuno chisanu chikalimba, mphepo imaziziritsa injini mpaka hita siitenthetsa, ndiye madalaivala amamangirira makatoni kumaso kwa thiraki. Baoshan ankati makatoni amanyozetsa galimoto yake. Fenglan anadula gombeza lawo la ukwati, analikuta ndi chiguduli chakuda, n'kumalimangirira mkati, pobisika. Ankaliika chisanu chikayamba, ankalichotsa mitengo ikaphuka. Bambo ankangomva kufunda, osafunsa kuti kukuchokera kuti. Chaka chimenecho wochotsa anali atathamangitsidwa, ndiye gombeza linali pompo, litatseka njira yonse ya mphepo. Othira gasi a m'mbali mwa msewu sagwada, amangothira n'kutsanzika.

Fenglan anadzuka, n'kupukuta mkono.

"Bwana Geng, vuto ndaliona. Ndi laling'ono, lokonza ndi dzanja limodzi, ndipo ndalama yanu, ngakhale yuani imodzi, sindikuifuna. Mungotchula, anzanuwa akumva, ntchito imodzi yomwe ndinkagwira m'thirakimu. Imodzi yokha."

Baoshan anayang'ana madalaivala, anayang'ana Xiaoting. Ndikulumbira, akanangoti "unkaphika", zikanathera pomwepo. Koma mwamuna wonyada amalolera kupsa.

"Aa, iwenso! Zakalekale zomwezo?" Anaseka mokakamiza. "Chabwino, ndivomere: nthanga unkatafuna mwaluso."

Palibe anaseka. Mkulu wina wa imvi anangoti, "Geng, pakamwa pakopo padzakupha."

Fenglan anagwadanso. Anabwezera chotchinga chija, n'kumanga mabawuti onse mwamphamvu, mpaka sipanala inalira.

"Pepani, bwana, ndinaona molakwika. Thumba la mbatata lingadziwe chiyani? Kayeseni kwa amakaniko enieni."

"Fenglan! Usachite nkhanza, iwe!"

"Nkhanza ndi kutsitsa munthu pachisanu. Chotsani galimoto, mwanditsekera makasitomala."

Xiaoting anadzuka, anakwera m'mutu mwa thiraki, n'kutsika ndi chikwama chake. Sanamuyang'ane Baoshan. Anabwera kwa ine.

"Amayi, basi ya kutauni imadutsa nthawi yanji?"

"Xiaoting, tiye, tikonzetsa kutsogoloku!" Baoshan anakuwa.

"Zaka zonsezo simukukumbukirapo ngakhale chimodzi," mtsikanayo anatero. "Nanga ine wa dzulodzuloyu, mudzanditcha thumba la chiyani?"

Thiraki inanyamuka mawindo ali pululu, mwini wake ali yekha, akupukuta nkhope ndi kathawulo kouma kale. Chisoni sindinamve ngakhale pang'ono. Tsiku limenelo aliyense ndinamuonjezera nyama, ndipo kuyambira pamenepo ofunsa njira amati, "Kwa achemwali a Qu ndi pati?"

Anthu atabalalika ndinamupeza Fenglan akusamba m'manja kuseri kwa shedi. Maso anali atafiira.

"Achemwali, bwanji osangolisolola gombeza lanu? Si la ukwati wanu limene lija?"

"Makaniko amene adzagwade adzalipeza, n'kumupatsa m'manja. Maluwa akewo akuwadziwa."

"Nanga akapanda kupeza wogwada?"

Anapisa m'thumba, n'kutulutsa nthanga za mpendadzuwa. Anaswa imodzi ndi mano, n'kulavulira khoko kumsewu komwe thiraki inalowera.

"Ndinamusokera kuti azifunda," anatero. "Afunde."