Dominiko wabisa nkhuku

Mwaswera bwanji ana anga nonse.

Lero ndachita manyazi ku Misa. Kunabwera wansembe wachilendo, wokalamba ngati ine, ndipo polonjera anthu anayamba ndi Chilatini: "Dominus vobiscum." Ine ndinangoti phwete, kuseka mpaka misozi. Achemwali anga a Rozina anachita kunditsina.

Tili ana, m'zaka za m'ma 1950, Misa inkakhala ya Chilatini. Paja agogo anu, bambo athu, anali a Dominiko. Ndiye Lamulungu lililonse wansembe wachizungu akatembenuka n'kutambasula manja, ine ndinkamva kuti, "Dominiko wabisa nkhuku." Anthu onse n'kuvomera pamodzi. Ndinkangowerama ndi manyazi, eni akewo ali phee, manja pachifuwa.

Ndinazisunga mumtima chaka chathunthu. Tsiku lina tikubwerera kunyumba, panjira ya ku Njuli, ndinayamba kulira. Ndinati, "Ababa, ingobwezani nkhukuyo, ansembe asiye kukutchulani."

Atamvetsa bwino, anakhala pamwala n'kuseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Mwana wanga, akutanthauza kuti Ambuye akhale nanu. Koma usakawauze amayi ako, angandifunse kumene ndinadyera."

Titatuluka lero ndinakapepesa kwa abambo achilendowo n'kuwafotokozera zonse. Nawonso anaseka mpaka kuvula magalasi, amvekere ulendo wina adzangolonjera m'Chinyanja.

Koma a Rozina akuumirira kuti ndikalape Loweruka, ati kuseka pa Misa ndi tchimo. Ine ndikuti poti wolapitsayo waseka nawo, nkhani yathera pomwepo. Inu mukuti bwanji?