Kagalu Kodontha

Tsiku lomwe ndinachira mwana wanga woyamba, galu wathu nayenso anaswa pansi pa nkhokwe. Unali mwezi wa Ogasiti, kwathu ku Nazombe. Tiana take tinali tinayi. Titatu anthu anatenga titakula pang'ono, kamodzi kakakazi kanatsala, palibe anakafuna chifukwa kankadontha.

Sikuti kankakodza ngati agalu ena, kunyonyomala n'kuchokapo, ayi. Mkodzo unkangotuluka wokha, dontho dontho, kakuyenda, kakudya, ngakhale kali mtulo. Miyendo yakumbuyo yonyowa nthawi zonse, ubweya unathothoka, khungu ngati lapsa ndi phala. Ndipo sikankalira. Kankangondiyang'ana.

Ndikasesa pabwalo m'mawa, pofika masana pali mzere wa madontho pafumbi. Tsiku lina ndinautsata. Kuchokera kunkhokwe sunapite kudzala kapena kukhitchini, unalunjika pakhonde pomwe ndinkagoneka mwana, n'kuzungulira mphasa yake yonse, n'kubwerera. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi.

Ndinawaitana amayi anga kuti aone. Anagwira pakamwa.

"Iwe, kagalu kobadwa tsiku limodzi ndi mwana, ndiye kazimulembera malire? Kupha sitingaphe, magazi ake angatitsate. Tingokamana madzi, kaume. Chotuluka chikhala chiyani ngati sikanamwe?"

"Amayi, nanga dzuwali?"

"Dzuwalo ndiye ligwire ntchito. Wayamba chisoni ndi galu, mwana uli naye kumsana?"

Apo n'kuti Okutobala ali pakati. Anakamangirira kumtengo wa mango, anachotsa phale lomwera, iwo n'kupita kumaliro mudzi wina. Bambo a mwana anali ku Migowi kukagulitsa nandolo. Pakhomo ine, mwana, ndi kagaluko.

Mudzi wonse zii, ngakhale nkhuku. Dzuwa lili paliwombo ndinapisa dzanja m'thewera la mwana, louma. Ndinati mwina wagona kwambiri. Ndinamuyamwitsa, anayamwa pang'ono n'kulavula bere. Ndinadikira, ndinapisanso, louma gwa, lija ndinamumanga m'mawa. Mwana amene ankanyowetsa nsalu zanga zonse mpaka chingwe kudzaza! Ndinamubereka n'kuthamangira kumango. Kagalu kagona chammbali, lilime panja, ndipo pansi pake, koyamba chibadwire, fumbi louma. Kanadzutsa mutu n'kuyang'ana, osati ine, koma kumsana kwanga.

Ndinati ngati auma limodzi, ndiye kuti kakatsirizika aka...

Sindinaganizenso za amayi. Ndinatunga madzi mumtsuko ndi mbale yathu yodyera, ndinakagwira mutu, kanamwa mpaka kutsamwa. Ndinakhala pansi pomwepo, bere mkamwa mwa mwana, ndikupemphera mawu osamveka. Mthunzi wa mango unasuntha kufika kumapazi anga. Kenako ndinaona dontho limodzi likugwa pafumbi. Lachiwiri. Ndisanapume n'komwe, pantchafu panga panatentha, mwana wakodza mpaka chitenje chonse.

Patapita milungu iwiri alangizi a ziweto anabwera kudzabaya agalu katemera wa chiwewe. Anakatembenuza kagaluko, anaseka.

"Mayi, mfiti yanu ndi imeneyi? Aka kanabadwa choncho. Kanjira kochokera ku impso kanaphonya chikhodzodzo, ndiye mkodzo ulibe posungira. Sizipatsirana. Muzikatsuka kumbuyoku, muzikadzoza mafuta, ndipo madzi musadzakamanenso."

"Nanga mzere uja wozungulira mwana?"

"Kamatsata fungo la mkaka, basi."

Za thewera louma anati kunali kutentha, mwana sanayamwe mokwanira, ndikanathamangira kuchipatala. Ndinavomera. Mwina ndi zoona.

Koma bambo a mwana atanena kuti fungo lawakwana, akakataye kuphiri, ndinaima pakhomo nditakanyamula, mkodzo wake ukutsikira m'mkono mwanga. Ndinawauza kuti akakataya, ndikakatola. Anandiyang'ana ngati ndapenga, sanabwerezenso.

Mwana tsopano akuyenda. Galuyo amagona pathumba lake kukhitchini, ndimamutsuka ndekha, ndipo sindilola munthu wina aliyense kuti azimupatsa madzi, ngakhale amayi anga. Angaiwale.