Mpongozi Wanga Wokhalira Manja

Mphekesera ndinaimva pageti la kampani imene amagwirako ntchito mpongozi wanga, Lachitatu m'mawa. Mlonda anati mpongozi wanga wanola kale mpeni, ndipo pamsonkhano wa tsikulo adula mutu wa Bambo a Mapasa, mmodzi wa antchito ake, kuti wake utsale pakhosi.

"Kalata yowachotsa ntchito ili kale m'kabati," anatero akundilembetsa m'buku la alendo. "Wandiuza ndi mayi wosesa. Waona pepala, dzina lawo lili pamwamba."

"Kandimverere anakanena zam'maluwa," ndinamuyankha. Koma pokwera masitepe mtima unkati mwina nzoona. Mpongozi wangayo ndimamudziwa. Zaka khumi ndi ziwiri ali pabanja ndi mwana wanga, pa nthabwala zanga zonse waseka ziwiri zokha, ndipo imodziyo ndikukayika, mwina chinali chifuwa.

Bambo ake a mpongoziyu anali okonza mawailesi pakhonde la sitolo. Okalamba ankabwera ndi wailesi ati yafa, chonsecho angopotokola batani lolakwika. Bambo akewo ankawaseka. Iye, ali kamtsikana, ankatenga penti ya zikhadabo nkudontheza kofiira pa batani loyenera. Sukulu anapita nayo patali, osati ine amene ndinangoinunkhiza. Lero akutsogolera anthu asanu ndi awiri amene amakonza maonekedwe a pulogalamu ya pafoni: batani likhale pati, likule bwanji, palembedwe mawu otani. Pulogalamuyo ndi ya okalamba ndi odwala okhala okha. Ukagwa, umadina, ambulansi imabwera. Pakhoma la ofesi yawo analemba zilembo zotalika ngati ine: WINA ASAGWE YEKHA.

Koma wina anagwa yekha. Mwezi wathawu mayi wina wokalamba anaterereka kubafa, anadina batani lofiira, naika foni pansi kudikira. Sanadziwe kuti foniyo ikumufunsa kuti "Mukutsimikiza?" ndipo ikufuna adinenso kachiwiri. Anagona pasimenti maola asanu mpaka mneba anamupeza. Moyo ali nawo, koma chiuno chinathyoka. Funsolo ndi batani lake lachiwiri anajambula ndi Bambo a Mapasa, munthu wofatsa, imvi zayamba kale, amene patebulo pake pali chithunzi cha mapasa awo atavala yunifomu yatsopano.

Zitatero, akampani anakonzako. Batani lachiwiri analikulitsa nalipaka chobiriwira, ndipo bwana wamkulu ankafuna kuti Lachisanu la sabata yomweyo pulogalamu yokonzedwayo ipite ku zipatala. Koma mpongozi ali ndi lamulo lake. Palibe chimatuluka chisanadutse m'manja mwa nkhalamba, ndipo nkhalambayo ikamavutika, aliyense m'chipindamo amakhalira manja ake, kwenikweni, zikhatho pansi pa ntchafu, kuopa kuloza kapena kuthandiza. Nkhalamba yake nthawi zambiri ndimakhala ine. Ndine telala wopuma, chala changa chachikulu chinauma ndi singano moti foni imachiyesa mtengo. Malipiro anga ndi tiyi ndi mabisiketi awiri.

Pakhonde, pafupi ndi chimbudzi, Bambo a Mapasa anandigwira pamkono. Dzanja lawo linali lozizira.

"Madala," ananong'ona, "mukadina chofiira, m'munsi mubwera chobiriwira. Dinaninso pomwepo. Chonde."

"Iwe, ukundiphunzitsa kubera mayeso paukalamba uno?"

Sanaseke. Anangondiyang'ana, maso ofiira. Apa mphekesera ija ndinaikhulupiriranso pang'ono, ndipo ndinaganiza zowapulumutsa.

Chipinda choyesera chili ndi makoma agalasi, odzaza timapepala tachikasu tomata. Pamwamba pa tebulo pali kamera yoyang'ana manja. Anthu asanu ndi awiri aja anakhala mondandalika, manja pansi pa ntchafu ngati ana olangidwa. Kumapeto kunali bwana wamkulu, amene ine ndimamutcha Bwana Wotchi chifukwa diso lake silichoka padzanja. Si munthu woipa. Anati, "Tsiku lililonse tikachedwa, kuli gogo wina akugwa alibe chomuitanira thandizo."

"Ababa," anatero mpongozi akundipatsa foni, "tiyerekeze kuti mwagwa. Itanani ambulansi."

Ndinadina chofiira, ndinadina m'munsi. Foni inalira kuti thandizo likubwera. Bwana Wotchi anawomba m'manja.

"Masekondi anayi! Basi, Lachisanu."

Mpongozi sanawombe nawo m'manja. Kenako anapempha kuti abweze kanema uja mmbuyo, ndipo anamuonera kawiri.

"Ababa, chala chanu chafika m'munsimu chobiriwira chisanaoneke. Munachilota?"

"Apongozi, telala amadziwa pokhala batani asanaone malaya."

Panalibe woseka. Bambo a Mapasa anayang'ana nsapato zawo. Ndinadikira kuti afunse amene wandiuza, koma sanafunse.

"Chabwino. Yankho mukulidziwa. Tsopano vulani magalasi. Munthu samasamba atavala magalasi." Anatenga botolo la madzi nandithira m'manja monse. "Gonani pansipa chagada. Dzanja lamanja mwaligonera, lathyoka. Gwiritsani lamanzere."

"Mukugoneka apongozi anu pansi anthu akuona? Ndikakuneneranitu kwa amuna anu."

"Mukawauze. Gonani, ababa."

Ndinagona, mawondo akulira ngati chitseko chakale. Pansipo panali pozizira. Anandipatsa foni, nabwerera pampando, nakhalira manja.

Chofiira ndinachipeza, chifukwa ndi chachikulu. Kenako pagalasi la foni panabwera chimtambo chobiriwira. Ndinadina, sichinamve. Ndinapukuta chala pajekete, ndinadinanso, foni inaterereka nkundimenya pamphuno. Ndinaifufuza ndi dzanja limodzi, nditaipeza inali itatembenuka, kumwamba kuli pansi. Ndinadina apa, ndinadina apo, pagalasi panatuluka zinthu zina zosadziwika.

Nthabwala zinandithawa. Denga linali kutali. Ndinayesa kudzuka kuti ndione bwino, koma msana unakana. Ndinkaona miyendo ya mipando ndi nsapato za anthu, zonse zili duu. Ndinakumbukira kuti kwanga ndimakhala ndekha chimwalirire mayi awo a ana, ndipo bafa langa nalo ndi lasimenti.

"Apongozi," ndinaitana, ndipo mawu anatuluka aang'ono, osakhala anga. "Tandithandizani."

Sanasunthe. Ndinamuona mlomo wapansi ataulumira mkati, koma manja sanawachotse.  Kenako galasi la foni linazima lokha.

"Mphindi zitatu," anatero mpongozi. "Ndipo awa ndi munthu amene auzidwa yankho. Mayi aja anagona maola asanu."

Ndipamene anadzuka, nagwada, nandidzutsa yekha. Anandisansa fumbi pajekete, nandiveka magalasi. Zala zake zinali zotuwa ndi kukhalidwa.

Bwana Wotchi sanayang'anenso wotchi. "Funso lotsimikizali analiikapo ndani?"

Maso onse anapita kwa Bambo a Mapasa. Iwo anayamba kuimirira, atagwira tebulo. Mpongozi anatsegula kabati natulutsa pepala, ndipo ine ndinati mumtima, kalanga ine, mlonda ananena zoona.

"Khalani pansi," anawauza. Kenako anatembenukira kwa bwana. "Anajambula ndi iwowa, koma anawatuma ndine. Anamwino ankadandaula kuti mafoni akudinika okha m'matumba, ambulansi kumangoyenda pachabe. Ine ndinati tiike funso. Iwowa anandichenjeza kuti lisokoneza okalamba, nandibweretsera njira ina. Ndinawakanira, chifukwa inali yochedwa kupanga. Ndipo poyesa ndinkakhazika apongozi anga pampando wabwino, magalasi ali kumaso, tiyi ali pambali. Ndani amagwa chonchi? Cholakwa ndi changa."

Anaika pepala lija patebulo. Sinali kalata. Chinali chojambula chapensulo, dzina la Bambo a Mapasa lili pamwamba: batani limodzi lodzaza galasi lonse. Ukadina, foni imalankhula mokweza kuti ikuitana ambulansi, ndipo imaitanadi, pokhapokha iweyo utailetsa.

"Lachisanu sititulutsa. Ndipatseni masabata atatu. Lero lomwe tiimbire aliyense amene ali ndi pulogalamu yakaleyi, timuuze za funsolo."

"Awiri," anatero bwana.

"Atatu."

"Eni kampani afuna mutu wa munthu. Mukawayankha nokha?"

"Ndikawayankha ndekha."

Mutu ukakula sulewa nkhonya, amatero akuluakulu, koma ndinali ndisanaonepo munthu akuupereka dala. Bwana anatenga pepala lija, analiyang'ana nthawi yaitali, nagwedeza mutu kuvomera.

Anthu akutuluka, mpongozi anaima pafupi ndi Bambo a Mapasa. "Ntchito imeneyi mutsogolere ndinu. Koma zonong'oneza apongozi anga m'makhonde, lero kakhale komaliza."

"Ndamva, mayi."

"Nanga mabisiketi anga?" ndinafunsa.

"Obera mayeso salandira, ababa."

Anandipatsa limodzi. Ndikuganiza kuti pakona pa mlomo wake panagwedezeka, koma sindingalumbire.

Kwa eni kampani anapitadi yekha Lachisanu, ndipo anabwerako ndi kalata yachenjezo ya dzina lake. Ntchito akadali nayo. Masabata atatu atakwana ndinagonanso pansi paja, manja onyowa, ndipo ambulansi ndinaitana ndi kudina kumodzi.

Bambo a Mapasa sanachotsedwe ntchito. Kalata yowachotsa sinalembedwepo. Mlonda ananama.