Mbale ya Che Asani

Mdzukulu wanga wandifunsa tanthauzo la "revenge", ndipo ndakumbuka kwathu ku Chikweo, zaka za makadi a chipani. Sabata yomwe tinaphunzira mawuwa kusukulu, mbuzi za aneba athu, Che Asani, zinatidyera chinangwa chonse.

"Amayi, tiwachite revenge!" ndinatero, n'kuwamasulira kuti ndi kubwezera choipa.

"Iyayi, dikira," anayankha.

M'nyumba munali mbale ya Che Asani yomwe inabwera ndi mpunga pa Idi. Amayi anadzazamo mtedza wokazinga, ukununkhira, n'kundituma kukabweza. Ndinapita mokondwa, poganiza kuti athiramo mankhwala otsegula m'mimba.

M'mawa mwake Che Asani anafika ali bwinobwino, atasenza mtolo wa mbewu ya chinangwa, maso ali pansi.

Ndakalamba, koma sindinaonenso munthu atalangidwa chonchija.