Madzi m'Mapiko

Chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi kapayipi kobiriwira, kamene amalume ankakapinda n'kukabisa m'thumba la jekete yawo ya ulonda. Kankanunkha koopsa. Ngakhale jeketeyo aikoleke panja, fungo linkalowabe m'nyumba n'kukakamira m'mabulangete.

Linali dzinja ku Cuamba, chaka chimene mvula inakokolola njanji yopita ku Nampula. Amalume ankalondera kandege ka mishoni, ndipo ine ndinkawapititsira chakudya masana. Ndi iwo amene anandiuza kuti ndege imasunga mafuta m'mapiko. Nditakana, anandikweza pamakwerero n'kutsegula kachivundikiro pamwamba pa phiko. M'katimo munali mafutawo, gazolina wabuluu, wopanda n'kachitsotso komwe ngati wosakhudzidwa. Anandilozera njira yake: amatsika yekha m'timapayipi, amadutsa pa sefa, n'kukafika ku injini. "Palibe chomukankha, amangotsetsereka," anatero monyadira.

Ankadziwa zonsezi. Ndicho chimandinyansa mpaka lero, poti sanali mbuli ayi.

Tsiku lina ndinawapeza ataviika kapayipi kaja m'phiko, akuyamwa mbali inayo. Masaya anaphwa, maso anafiira, kenaka analavula malovu abuluu pafupi ndi phazi langa. Gazolina anayamba kuyenderera m'chigubu. Iwo anavundukula mbale n'kudya ndi manja omwewo osasamba, akugeya fungo lomwelo. Atakhuta anatunga madzi mumgolo n'kuthira m'phikomo, kuti ndodo yoyezera izionetsabe kuti mafuta alimo odzaza. Anyamata a njinga zamoto, ogula gazolinayo, anali akudikira kuseri kwa mpanda. "Ndege nayo imamva ludzu," anandiuza, n'kunditsinzinira diso.

Pasanapite nthawi, mlongo wanga wakhanda anatupa mimba. Adokotala anati pano sitingathe, apite ku Nampula lero lomwe. Sitima kunalibe, msewu unali phala lokhalokha. A mishoni anavomera kumunyamula, ndipo tinathamangira kubwalo la ndege, mayi atamufungatira pachifuwa.

Piloto, woyendetsa ndegeyo, anali mzimayi wosalankhulalankhula. Asanakwere anatenga kakapu kowonekera m'kati, n'kukakanikiza pa kabowo kunsi kwa phiko. Anakakweza padzuwa. Pansi panali madzi, buluu uja akungoyandama pamwamba. Anataya, n'kukanikizanso. Madzi. Phiko linalo, madzinso. Lero ndikudziwa kuti madzi amalemera kuposa gazolina ndipo sasakanikirana naye, amakhazikika pansi penipeni pamene payipi ya ku injini imamwera. Akanauluka, injini ikanazima pamwamba pa mapiri, mayi anga ndi mwana ali momwemo. Atakhetsa madzi onse, mafuta otsala anali osakwanira ulendo. Mafuta ena ankayenera kubwera pa lole kuchokera ku Lichinga, pamatope omwewo.

"Ndi mvula imeneyi, yalowera pachivundikiro," anatero amalume, maso ali kumwamba ngati akuidzudzula.

Ine ndinafuna kuwathandiza, kuti anthu adziwe kuti ndi munthu wachifundo. "Si mvula ayi," ndinatero mokweza, "amalume ndi amene amaimwetsa, inali ndi ludzu."

Mayi anga sanakuwe. Anayang'ana mlongo wawoyo, anayang'ana thumba la jekete imene ankaichapa okha, n'kulavula pansi.

Mwana anatisiya lole isanafike. Pamaliro amalume anakhala kutsogolo monga mwini mbumba, akulira mokweza kuposa aliyense, akununkhabe gazolina. Kuyambira pamenepo mayi sanawatchulenso kuti achimwene, sanawalolenso kulowa m'nyumba, ndipo mbale imene ankadyera anaiponya kudzala.

Ine sindinkamvetsa. Madzi omwewa timamwa, omwewa mayi ankamudonthezera mwana pakamwa ndi supuni, angalakwe chiyani? Ndinkaganiza kuti mayi akunyansidwa ndi fungo basi, monga ine. Choncho masana ena ndinatenga kachidutswa ka sopo, n'kuwapititsira amalume kuti akasambe, abwerere kunyumba.