Mmene anasudzulira atate

Atate anali mzungu, koma osati mzungu wa galimoto ayi. Anali mzungu wa khasu, wa ming'alu kuzidendene. Anachokera kudziko lozizira lotchedwa Sileziya, nabwera kudzakumba malasha ku Moatize, ndipo n'kumeneko anakumana ndi amayi. Nkhondo itavuta anathawira limodzi ku Zambia, kumene tinabadwira ine mwana wamkazi ndi mlongo wanga. Mtendere utabwera tinabwerera kumudzi kwa amayi, kufupi ndi Malowera, atate n'kukhala mkamwini monga mkamwini wina aliyense.

Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, anawalozera thengo la miyala limene aliyense analikana. "Limani apo, alamu, tione mphamvu za chizungu." Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Atate anazula zitsa, anatuta miyala pamutu, ndowe za ng'ombe ankatola ndi manja, ana akuwatsatira ndi nyimbo zachipongwe. Zaka zitapita, malo aja ankabala chimanga chosakwana m'nkhokwe imodzi. Njala ikafika, atsibweni omwewo ndiwo ankayamba kutulukira ndi dengu, maso ali gwa.

Tikamapalira, atate ankakonda kutitchulira makolo awo. Atate awo, agogo awo, atate a agogowo, onse analima kamunda kamodzi, ndipo akuluakuluwo anagona kuseri kwa tchalitchi chimodzi. Kenaka nkhondo ya kwawoko inasuntha malire, asilikali n'kupirikitsa banja lonse. Iwo anabadwira m'nyumba ya lendi pafupi ndi mgodi, munda wa makolo osauonapo n'kamodzi komwe.

"Kwathu kulibe, mwanawe," ankatero m'Chinyanja chawo chokhotakhota. "Mudzi ulipo, koma dzina ndi lina, anthu ndi ena. Kwathu ndi pano."

Ine ndinkangoti ndi nkhani za nkhalamba.

Amayi anamwalira m'dzinja, chimanga chili m'mawondo. Tinalira, tinameta. Misozi isanaume n'komwe, atsibweni anaitanitsa abale kuti asudzule alamu awo. Mwambowo ndinkaudziwa: mkazi akafa, mwamuna amamasulidwa kuti abwerere kwa abale ake, akakwatirenso ngati akufuna. Koma nkhalamba ya ana ndi zidzukulu amangoichitira mwambo, kenaka n'kuiuza kuti khalani pompano, muziona ana. Ndimo ndinkayembekezera, ine wopusa.

Atsibweni anaika nkhuku yomanga miyendo patsogolo pa atate.

"Alamu, munatisungira mlongo wathu, tathokoza. Tsopano ndinu omasuka. Abale anu ali kuti, akulandireni?"

Wina kumbuyo analephera kudzigwira, anaphulika kuseka.

"Abale anga ndi awa," anatero atate, akuloza ine ndi mlongo wanga.

"Iyi ndi mbumba yanga," anayankha atsibweni. "Inu munangobwera kudzabereka. Ntchitoyo munamaliza."

Ndinaimirira pakati pa amuna, mwambo kapena ayi. "Atsibweni, mulibe manyazi? Mimba yanuyo yakula ndi chimanga cha ndani?" Amayi aang'ono anandikoka kapulana, chitenje changa, kuti ndikhale pansi, ndinawakutumula dzanja. Ndinayang'ana mlongo wanga kuti alankhulepo. Iye ankangokanda pansi ndi kamtengo, poti atsibweni anali atamulonjeza kale mbali ya mundawo. Mpaka lero m'nyumba mwake sindilowamo, ngakhale madzi ake sindimwa.

Anawaperekeza mpaka kumsewu, katundu ali panjinga, ngati mlendo wodzacheza. Munthu woti tsitsi lonse linachita mbuu ali pamudzi pomwepo! Ndinawatengera kwanga ku Fingoe, kumene ndimagulitsa tomato ndi kapenta pamsika, pamerikado. Ndinawapatsa chipinda chabwino, amuna anga anawagulira wailesi. Koma chakudya ankangochilawa. Tsiku lonse anali pakhonde, maso kumitambo, n'kumang'ung'udza kuti udzu ukukula m'munda muja. Ndinkawakalipira, "Atate, iwalani! Si wanunso!" Ankangogwedeza mutu ngati amva.

Tsiku lina pobwera kumerikado ndinapeza pakhonde palibe munthu, khasu langa kuseri kwa chitseko palibenso. Oyandikana nawo anandiuza kuti awaona m'mawa akukwera kamiyau, lole ya ku Malowera. Ndinakwera njinga yamoto, ndikuganiza kuti mwina apita kumanda kwa amayi, mwina agwa penapake m'njira.

Ndinawapeza m'munda mwawo, atawerama, akupalira, malaya atanyowa ndi thukuta. Atsibweni anali chilili pamthunzi, ndodo m'manja, akuloza mizere monga amachitira ndi aganyu.

"Abwera okha kudzapempha ganyu," anatero akumwetulira. "Nanga ine n'kuwakaniza alamu anga? Akamaliza ndime iyi, mbale ya chimanga ilipo."

Ndinafuna kuwalavulira kumaso. M'malo mwake ndinathamangira kwa atate, ndikuponda chimanga osasamala.

"Atate, tayani khasulo! Tiyeni kunyumba! Mukuwasekeretsa anthu awa!"

Sanaweramuke n'komwe. Anakokera dothi patsinde la chimanga chimene ndinaponda, n'kuchiimika bwinobwino.

"Usakalipe, mwanawe," anatero motsitsa mawu. "Ukawakwiyitsa, mawa sadzandilola."